Mcheni wa mu Shire unandidyera mbedza zitatu

Tambala wachiwiri asanalire amalume anali atandigwedeza kale phazi. Ku Chikwawa mwezi wa Okutobala munthu sugona tulo tokoma, kutentha kwake kumakhala ngati wina wakusonkhezera moto kunsi kwa mphasa, ndiye kudzuka sikunavute. Tinatenga nsungwi ya amalume, chitini cha nyambo ndi ndodo yanga yamakono ija yokhala ndi kawilo kopotera chingwe, yomwe ndinaipeza pa kaunjika mu Limbe, n'kutsetserekera ku Shire.

Dzuwa limati lizituluka n'kuti mbedza zanga ziwiri zitapita kale. Umangomva chingwe kuti thii, ndodo n'kupindika, kenaka zii. Ukapota chingwe chikubwera chokhachokha, chodulidwa bwinobwino ngati wadula ndi telala. Ulendo wachitatu ndi pomwe ndinamuona mwini nkhani. Chinsomba choyera mbee, cha mizere yakuda m'nthiti ndi chipsepse chofiirira, chinavuuka m'madzi, n'kupukusa mutu m'malere, n'kubwerera ndi mbedza yanga yachitatu.

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mphwanga, mcheni sawedza ndi twayini yekha. Mano akewo ndi lumo. Bwera nayo kuno ndodo yakoyo." Anatulutsa m'thumba kawaya ka buleki ya njinga, n'kumangirira pakati pa mbedza ndi chingwe. Pomwe inkakwana 8 koloko ndinali nditavuula mcheni wotalika ngati mkono wanga, manja akunjenjemera, mtima ukugunda ngati ng'oma ya tchopa.

Inu awerengi, ndakhala ndikuonera mpira pa Kamuzu Stadium, ndavinako m'malo achisangalalo a mu Ndirande mpaka kucha, koma kukoma kwa mphindi zimenezo sindinakupezeko kwina. Nanga bwanji ife Amalawi a m'tauni kuwedza timakutenga ngati ntchito ya ana othawa sukulu, kapena ya munthu amene ndiwo zamuthera? Ukauza anzako kuti kumathero a sabata ino ukukawedza, amakuyang'ana ngati wachotsedwa ntchito. Koma mzungu akadutsa pa Thabwa ndi galimoto yokoka boti, ndodo zili ngangata pamwamba, tonse timati koma anthu awa amadziwa kudya ndalama. Mtsinje ndi womwewo, nsomba ndi zomwezo.

Shire ndi mtsinje wotalika makilomita 402. Umatuluka mu nyanja ya Malawi ku Mangochi, n'kulowa mu nyanja ya Malombe, n'kutulukanso kulowera ku Liwonde, mpaka kukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Koma kwa munthu wa mbedza, Shire ndi mitsinje iwiri yosiyana. Chomwe chimaulekanitsa ndi mathithi omwe ayambira cha ku Matope n'kukathera pa Kapichira. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 madzi amatsika mamita oposa 350, kudutsa pa Nkula, Tedzani ndi Mpatamanga. Mathithi omwewa ndi amene anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859, ndipo ndi omwenso akhala akuimitsa nsomba za mu Zambezi kuti zisakwere kumtunda. Kunsi kwa Kapichira mupeza nsomba za mu Zambezi. Kumtunda mupeza nsomba za mtundu wa kunyanja.

Apa ndichenjeze a ku Mangochi ndi ku Salima, asayambe kunditsutsa. Mcheni womwe inu mumaudziwa, wautali woonda uja timagula wowamba pamsika, ndi nsomba ina. Mcheni wa ku chigwa ndi umene azungu amati tigerfish, ndipo mu nyanja ya Malawi mulibemo. Ndi mwayi waukulu kuti mulibe, chifukwa nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, yambiri yosapezeka kwina kulikonse padziko, ndipo chilombo cha mano chimenechi chitalowamo chitha kuchita zoopsa. Nkhaniyi si yocheza. Pomwe boma limakonza pulani ya chingalande cha ulimi wothirira cha Shire Valley Transformation Programme, chomwe ntchito yake inayamba mu 2020 ndipo chikutenga madzi pa Kapichira, akatswiri anaumirira kuti mukhale chotchinga choti mcheni usapeze njira yozembera mathithi kudzera mu ngalande. Tangoganizani, mainjiniya kugona mochedwa chifukwa cha nsomba.

Za kumtunda ndinene mwachidule. Kuchokera ku Mangochi kufika ku Liwonde madzi amayenda mwaulesi, ndipo munthu wa mbedza amapha makumba, milamba ndi matemba. Chambo musachiyembekezere kwambiri, chakudya chake ndi tizinthu ting'onoting'ono ta m'madzi ndipo sichithamangira nyongolotsi ngati makumba. Komanso chinachepa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo cha mu Malombe chinatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, ndipo n'chifukwa chake mu 1993 kuderali kunayamba makomiti a m'madooko aja amati Beach Village Committee, oti asodzi eni ake azilondera nsomba. Ntchira, yomwe agogo athu amaisimba kuti inkadzaza mitsinje nthawi yoswana, lero ana ambiri saidziwa n'komwe.

Chigawo chokongola kwambiri cha kumtundaku chili mkati mwa Liwonde National Park, ndipo mmenemo mbedza ndi mlandu. Kuyambira 2015 pakiyi ikuyendetsedwa ndi African Parks, ndipo alonda ake amayendera ndi pamadzi pomwe. Mukafuna kuponya mbedza ponyani kunja kwa malire, mufunse anthu a pamalopo kuti malirewo ali pati. Paja safunsa anadya phula. Cha ku baraji ya Liwonde, yomwe inamangidwa mu 1965, mdani wina ndi namasupuni. Udzu woyandamawu ukabwera mulu umodzi, chingwe chako chimapita nawo.

Pakati pa mathithi, cha ku Zalewa ndi kunsi kwake, pali maiwe akuya m'miyala momwe milamba imanenepa. Malowa ndi okongola koma ine sindiwakonda. Miyala yake ndi yoterera, ndipo kunsi kwa madamu a magetsi madzi amatha kukwera mwadzidzidzi akatsegula zitseko. Nkula inayamba kupanga magetsi mu 1966, Tedzani mu 1973, Kapichira mu 2000, ndipo pafupi ndi malo amenewa sungangofika n'kukhala pansi ngati pa dooko la kwanu. Mitsinje ya Rivirivi ndi Lisungwi, yomwe imathira mu Shire chakumtundaku, nthawi ya dzinja imabwera yofiira ndi dothi la m'minda, chilimwe n'kusanduka timadzi tosafika m'mawondo. Anyamata amapezamo matemba ndi timilamba, koma si koti munthu n'kukwerera basi.

Kwenikweni ndi kunsi. Mukatsika phiri lija pa msewu wa M1 kuchokera ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 50, n'kuona Shire ali tantha m'chigwa ngati njoka yoothera dzuwa, dziwani kuti mwafika kwa eni nsomba. Kuno kuli mphende, abale ake a chambo, zomwe zimadya nyongolotsi mosanyada. Kuli milamba yoti mwana sangainyamule. Kuli dowe, nsomba yodabwitsa yopuma mpweya ngati ife, yomwe madzi akaphwa imadzikwirira m'matope n'kudikira mvula. Kuli vundu, mfumu ya milamba, yomwe imatha kupitirira makilogalamu 50 ndipo ikagwira mbedza imakoka bwato ndi anthu omwe. Ndipo kuli mcheni.

Nsomba iliyonse ili ndi machenjera ake, ndipo apa ndi pomwe kuwedza kumasiyana ndi kukoka khoka. Mphende imafuna mbedza yaing'ono, nyongolotsi, ndi kachidutswa ka phesi kapena ka patapata yakutha koyandama pamwamba kuti uone ikamadya. Umaponya m'mphepete mwa bango, n'kukhala chete. Kaphesi kakayamba kuvina usafulumire, ikungolawa. Kakamira, koka. Mlamba ndi wadyera ndipo umadyera pansi, ndiye umamanga kanati kapena kamwala kuti nyambo imire. Matumbo a nkhuku, chiwindi, kansomba konunkha, zonse umalandira, makamaka madzulo ndi usiku. Ena amakolera kachidutswa ka sopo wochapira, ndipo ine ndinayamba ndatsutsa mpaka nditaona ndi maso anga mlamba utameza sopo.

Mcheni ndi nkhani ina. Sudikira chakudya, umasaka. Umakonda pomwe madzi othamanga akumana ndi odikha, kunsi kwa chilumba cha mchenga, kapena pa mathiriro a mtsinje wina. Nyambo yake ndi kansomba kamoyo kapena mnofu wa nsomba, ndipo a ndodo zamakono amaponya kachitsulo konyezimira konga sipuni n'kumakakoka kuti kazioneka ngati kansomba kothawa. Kamwa lake ndi fupa lokhalokha, mbedza simalowa msanga, ndiye pa micheni isanu yomwe yaluma ukavuula umodzi uzithokoza. Ikadumpha n'kupukusa mutu, ukangolekerera chingwe kuti chikhwepe, yapita. Nthawi yabwino ndi Sepitembala mpaka Novembala, madzi atatsika n'kuyera, mvula isanagwe. Mvula ikangoyamba Shire amasanduka phala, mcheni suona nyambo.

Ndipo mukauvuula, chala chanu chitalikire kukamwa. Amalume ali ndi chipsera pa chala chamkombaphala chomwe amachionetsa kwa mlendo aliyense ngati mendulo ya ku nkhondo.

Tsiku lachiwiri tinapita cha ku dambo la Elephant Marsh, lomwe linatchedwa dzinali chifukwa Livingstone anaonako njovu zambirimbiri. Njovuzo zinatha kalekale, koma dambo lilipo, ndipo mu 2017 linalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar, kutsatira nyanja ya Chilwa yomwe inayamba kulowamo. Tinachita hayala bwato la mtengo umodzi. Mwini bwato, bambo wachikulire wolankhula Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja, ankatiyendetsa m'tinjira ta m'bango tomwe ine ndikanasokera pa mphindi zisanu. Maluwa a nyika ali mbee pamadzi, akakowa ali ndandanda, nkhwazi ikulira pamwamba. Nyika yomweyi ndi imene anthu a kuno amakumba pansi pa madzi n'kudya chaka cha njala, ena n'kusiya moyo m'kamwa mwa ng'ona. Ukamaona kukongola kwake uzikumbukiranso zimenezo.

Ndi m'bwato momwemo momwe tinakangana ndi amalume. Ndinali nditawerenga kuti anzathu owedza mongosangalala akagwira nsomba amaijambula, n'kuibwezera m'madzi kuti ikaswane. Ndiye nditakola kamcheni kakang'ono ndinakachotsa mbedza bwinobwino n'kukaponya m'madzi. M'bwato munagwa bata. Mwini bwato anayang'ana amalume, amalume anayang'ana ine.

"Kodi kusukulu kuja anakuphunzitsani kutaya ndiwo?"

"Iyayi amalume, n'kakang'ono. Tidzakapeza chaka chamawa katakula."

Amalume anangoti ukadzakapeza udzakapatse moni. Koma madzulo, tikudya nsima ya mphende yootcha, anavomera okha kuti masiku ano nsomba zazikulu zikusowa, ndipo kuti ali mnyamata kansomba ngati kaja sakanakawerengera. Ine sindinena kuti munthu wa ana asanu ndi awiri amene wagona ndi njala abweze nsomba m'madzi, kumeneko kungakhale kutukwana. Koma iwe wochokera m'tauni, amene wabwera ndi mafuta a galimoto ndi zakumwa mu kula bokosi, ukudzazitsa thumba ndi tiana ta nsomba kuti utani nato? Tenga ziwiri zitatu zazikulu, zinazo ugule kwa asodzi a padooko, ndalama yako itsale m'mudzi.

Mtsinje wa Ruo ndi womwe ndimaukonda mwa ana onse a Shire. Umayambira pa phiri la Mulanje, kunsi kwa nsonga ngati Sapitwa ya mamita 3,002, n'kukhala malire a Malawi ndi Mozambique mtunda wautali, mpaka kukathira mu Shire pa Chiromo. Nawonso uli ndi mpanda wake, mathithi a Zoa ku Thyolo. Kunsi kwa Zoa nsomba za mu Zambezi zimafika, ndipo pa mathiriro a Ruo ndi malo omwe owedza mcheni akhala akuwatchula kuyambira kale. Koma kumbukirani kuti tsidya linalo ndi dziko la eni. Bwato likakutsetserekerani n'kukagunda gombe la ku Mozambique mulibe chiphaso, nkhani ya nsomba itha n'kuyamba ina.

Kufika pa Chiromo nakonso si masewera. Mu 1997 madzi anakokolola njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo, sitima n'kuleka kudutsa, anthu n'kuyamba kudalira mabwato. Madzi osefukira a 2015 anapatutsa Ruo n'kumuyendetsa m'midzi ya cha ku Makhanga. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira dziko n'kukhala mu mdima miyezi yambiri, ndipo mu Malichi 2023 Freddy anabwera kudzamaliza. Dziwe lomwe munawedzapo zaka zisanu zapitazo lero mutha kupeza ndi bwalo la mchenga ana akusewerapo mpira. N'chifukwa chake munthu wa pamalopo ndi wofunika kuposa mapu.

Kumtunda kwa Ruo, pamwamba pa phiri, ndi dziko lina. Atsamunda, posowa nsomba za kwawo, anabweretsa trout n'kuthira m'mitsinje yozizira ya m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Nyika. Nsomba imeneyi sawedza ndi nyongolotsi koma ndi kambedza kovekedwa nthenga kuti kazioneka ngati kachilombo kouluka, ndipo imafuna chilolezo. M'madamu a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje anathiramo black bass. Amenewo ndi madamu a eni, ukapanda kupempha umatuluka ndi alonda. Mwina apa ndi pomwe panachokera maganizo aja akuti kuwedza kosangalala n'kwa azungu, chifukwa kwa zaka zambiri wakuda ankafika pa malo otere atanyamula basiketi ya bwana basi.

Tsono za ng'ona. Sindikufuna wina adzati nyuzi ino inamutuma kukafa. Shire ali ndi ng'ona zambiri, kuyambira ku Liwonde mpaka ku Nsanje, ndipo chaka ndi chaka anthu amajiwa. Osaima m'madzi, ngakhale ofika m'akakolo. Osakhala pa malo amodzimodzi m'mphepete tsiku ndi tsiku, ng'ona imawerenga. Khalani pa gombe lokwera, mamita angapo kuchokera pamadzi. Osatumbulira nsomba m'mphepete, ndipo mbedza ikakodwa mu bango isiyeni, mbedza ndi yotchipa kuposa mwendo. M'bwato manja akhale mkati. Mvuu ndi yoopsa kuposa mmene imaonekera, makamaka ya mwana, ndipo mwini bwato akati tibwerere musachite naye makani chifukwa choti mwalipira. Mowa ndi bwato sizigwirizana. Ndipo pali mdani wosaoneka, likodzo, yemwe amakhala m'madzi odikha momwe muli nkhono. Mukabwerako n'kuona zachilendo pokodza thamangirani kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Chomwe chinandiwawa pa ulendowu si dzuwa kapena udzudzu. Pa kamtsinje kena kothira mu Shire, komwe sinditchula, tinapeza dziwe lonse layera ndi tinsomba takufa, mimba zili m'mwamba. Wina anali atathiramo katupe usiku. Katupe sasankha, amapha mayi, mwana ndi mazira, ndipo amene wathirayo amatola zazikulu zokha n'kusiya zinazo ziole. Chapansipo amayi awiri ankakoka neti ya udzudzu, yomwe analandira kuti ana asadwale malungo, ikukokolola ndi tinsomba tosaoneka n'komwe. Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni, koma kumadambo kuno lamulo limafika mochedwa kuposa njala. Kumtunda nako mitengo yatha ndi makala, dothi lonse likutsikira mu mtsinje n'kukwirira maiwe momwe nsomba zimaswana. Mwanza, mtsinje womwe umadutsa cha ku Lengwe, miyezi yambiri umakhala msewu wa mchenga. Za Mudi wa mu Blantyre, yemwe madzi ake amakathera mu Shire momwemo, ndisanene zambiri. Amene amadutsa pa mlatho wake atatseka mphuno akudziwa.

Anzathu a ku Zimbabwe nsomba yomweyi anaisandutsa munda. Pa nyanja ya Kariba mpikisano wowedza tigerfish unayamba mu 1962, ndipo wakhala ukukoka anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana, mahotela n'kudzaza, a mabwato n'kupeza ganyu. Kuno kwathu bungwe la Angling Society of Malawi lakhala likukonza mipikisano kwa zaka zambiri, koma funsani munthu wa pa Chikwawa boma ngati analimvapo. A zokopa alendo akatsegula pakamwa ndi nyanja, Mulanje, Nyika, basi. Kodi chingavute n'chiyani kuphunzitsa anyamata khumi a pa Nchalo kapena pa Bangula kuperekeza alendo owedza, kuwapatsa majekete oyandamitsa ndi bwato labwino? Mwini bwato wathu uja anapeza pa tsiku limodzi ndalama yomwe anati ukonde wake sumupatsa masiku atatu, ndipo nsomba zomwe tinachotsa m'madzi sizinakwane khumi. Munthu wotere mawa akaona wina akuthira katupe sangamusekerere, chifukwa akumuphera munda.

Amene mwakopeka, musadikire ndodo ya ku sitolo. Nsungwi yowongoka, twayini, mbedza za masaizi awiri atatu, kawaya, chipewa chachikulu ndi madzi akumwa ambiri, zakwana. Dutsani pa ofesi ya za usodzi ya pa boma mufunse za chilolezo ndi za miyezi yoletsedwa, chifukwa malamulo a ku Malombe ndi a ku chigwa si amodzi. Mukafika pa mudzi kaonekereni kwa amfumu kapena kwa a komiti ya padooko musanaponye mbedza. Mkati mwa Majete, momwe mumadutsa Mkulumadzi, ndi mwa nyama za boma, musalowemo ndi nsungwi yanu pokhapokha eni paki atakulolani. Ndipo phunzirani kukhala chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha, tsiku lina mudzakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osaona ngakhale kaphesi kugwedezeka.

Mcheni wanga woyamba uja azakhali anauwamba pa moto wa zitsononkho. Kunena zoona ndi nsomba ya minga yambiri, umadya ukulavula, ndipo mphende imaiposa kutali pa nsima. Mutu wake amalume anauyanika pa denga la khitchini kuti ndidzatenge mano ake ndikadzabweranso Okutobala. Anandiuzanso kuti ndidzabwere ndi mbedza zanga zokwanira, chifukwa zawo sadzandibwerekanso.